ZA NTCHITO ZA MANJA: Chishango cha Makina Opalira Matabwa

 Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chitsulo chimodzi chimene tidachipeza pa denga la khola la nkhuku, ndi kuchibwezera pamalo pake. Kapena ena adzati: "Nanga ife alimi, za makina zitikhudza bwanji?" Yankho lathu ndi ili: magetsi afika tsopano pa misika yambiri ya kumidzi, ndipo anyamata athu ambiri aphunzira ukalipentala pa makina akale ogulidwa kwa anthu ena. Mwana amene mumtuma kukaphunzira ntchitoyo achoka pakhomo panu ndi zala khumi. Nkoyenera kuti abwere nazo zonse khumi.

M'nyumba ya amisiri pano pa mishoni muli makina akale opalira matabwa, amene pa Chingerezi awatcha jointer. Adachokera ku England, nafika kuno ife tisanabadwe. Ntchito yake ndiyo kuwongola thabwa lopindika, kuti nkhope yake isalale ndi m'mphepete mwake muwongoke, kotero kuti matabwa awiri pokumana pa chitseko asasiye mpata. Makinawa ali ndi magome awiri achitsulo ondondozana, ndipo pakati pa magomewo pali mpata. Mumpatamo muli chitsulo chobulungira, chonga munsi wogonekedwa, m'mene amangamo mipeni itatu. Gome la kutsogolo litsikirapo pang'ono kuposa linzake, ndipo kusiyana kwakeko ndiko kukula kwa chimene mipeni ipala. Pambali pali chitsulo choimirira chimene thabwa litsamira poyenda. Ife tichitcha mpanda. Tsono taonani pamene pali ngozi: makina ena adzikokera okha thabwa, mmisiri ali patali, koma awa adyetsedwa ndi manja, ndipo manjawo ayenda pafupi ndi mipeni tsiku lonse.

Munsi wa makina otere uzungulira ka 4,000 kapena 5,000 pa mphindi imodzi. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ukazungulira ka 5,000 uli ndi mipeni itatu, ndiye kuti mpeni udutsa ka 15,000 pa mphindi, kapena ka 250 pa sekondi imodzi. Munthu wa changu, kuti amve kuti chamkhudza ndi kubweza dzanja lake, pafunika ngati gawo limodzi la magawo asanu a sekondi. Pa kanthawi kameneko mipeni yadutsa kale ka 50. Chifukwa chake palibe mmisiri, ngakhale wochenjera chotani, amene angapambane mipeniyo liwiro. Amene adapanga makinawa adadziwa zimenezi, nawaikira chovundikira mipeni, chimene m'nkhani ino tichitcha chishango.

Chishango cha makina athu chidachotsedwa kalekale, ndipo palibe akumbukira amene adachichotsa. Amisiri ankangoti chichedwetsa ntchito. Ifenso tiyenera kuvomera kulakwa kwathu pamaso panu: tidadutsa pa makinawo zaka zambiri, tiona mipeni ili pamtetete, koma sitidanene kanthu, poyesa kuti eni ntchito adziwa bwino koposa ife.

Chaka chatha, nyengo ya masika, amisiri adalandira ntchito ya mabenchi a sukulu, ndipo masiku adali atachepa. Mnyamata wina wophunzira ntchito, wa zaka 19, wofatsa ndi wakhama, adatenga kathabwa kakafupi ka mlombwa kokhala ndi mfundo, nakakankha pa makina. Mpeni utagunda pa mfundoyo, kathabwa kadabwerera mmbuyo ngati kaponyedwa, koma dzanja lamanzere limene linkakankha lidapitirira ulendo wake, nilitsikira mumpata muja. Tidammanga ndi nsalu yoyera, dzanja tili chikwezere, nitithamanga naye kuchipatala. Nsonga za zala ziwiri zidatha. Mudziwe ichi, abale: sowo ikadula chala, chalacho chigwa pansi chathunthu, ndipo nthawi zina madokotala aluso akhoza kuchilumikiza. Mipeni iyi siidula koma ipala, monga ipalira thabwa. Dokotala sapeza chosoka.

Mmawa mwake amake a mnyamatayo adadza kwa ife. Sadakalipe, sadalirenso. Adapempha kuti tiwaonetse makinawo, ndipo atawayang'ana nthawi yaitali adatifunsa nati: "Aphunzitsi, ngakhale chitsime cha pamudzi timavundikira kuopa ana. Kodi chinthu ichi adachipanga chopanda chivundikiro?" Ife tidasowa choyankha. Tsiku lomwelo tidagwirizana ndi akulu oyang'anira nyumbayo kuti makina asalirenso kufikira chishango chitabwerera, ndipo lamba wake tidamchotsa ndi kumtsekera m'bokosi.

Funso la amayi aja lidatichititsa kufufuza mbiri ya makina otere, ndipo tidapeza kuti tsoka ili si lachilendo. Makina oyamba adali ndi munsi wa ngodya zinayi, wosabulungira. Pozungulira unkasiya mpata waukulu pakati pa mpeni ndi unzake, kotero kuti chala chikalowa, dzanja lonse linkakokeredwa mkati. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 opanga makina adayamba kuika munsi wobulungira, umene susiya malo olowa dzanja. M'chaka cha 1922 boma la Britain lidaika malamulo a makina a matabwa, naletsa kupala ndi manja pa makina opanda munsi wobulungira, nalamulanso kuti makina onse otere akhale ndi chishango chonga mlatho, chotha kuphimba mpata wonse wa mipeni m'litali ndi m'lifupi, ndiponso chosavuta kukweza, kutsitsa ndi kusendeza. Malamulo a m'chaka cha 1974 adaonjeza kuti mpata wa pakati pa mlatho ndi thabwa usapitirire mamilimita 10. Motero makina athu sadachoke ku England ali maliseche. Adabwera ndi chishango chake, ndipo amene adachivula ndi anthu a konkuno.

Mmisiri wamkulu, bambo wa imvi amene wagwira ntchito m'nyumbamo zaka zambiri, poyamba adadandaula kuti mabenchi achedwa. Koma patapita masiku awiri adadza yekha nati: "Aphunzitsi, ndakumbukira. Chitsulo chimene mufunacho chili pa khola la nkhuku, chipsinja malata kuopa mphepo." Tidapita, nitichipeza pomwepo, chofiira ndi dzimbiri.

Chishango cha mtundu uwu chili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndicho chigwiriro chomangidwa pambali pa makina, molunjika ndi munsi. Chachiwiri ndiwo mzati wachitsulo wokwera ndi kutsika m'chigwiriromo. Chachitatu ndiwo mlatho weniweniwo, chitsulo chachitali chokhota ngati khungwa la mtengo, chimene chiyenda chopingasa pamwamba pa mzati ndi kuphimba mipeni. Pali mabawuti awiri a chogwirira, ina yomangira mzati, ina yomangira mlatho. Pa makina athu chigwiriro chidalipo koma chong'aluka. Mzati udaumira mkati mwake ndi dzimbiri. Bawuti imodzi idasowa. Mlatho udapindika kumapeto. Tsono tikufotokozereni m'mene amisiri adakonzera, kuti amene ali ndi makina otere atengepo nzeru.

Choyamba, asanakhudze kanthu, adazula chingwe cha magetsi. Kungozimitsa pa switchi sikukwanira, pakuti mnzako wosadziwa akhoza kuyatsa dzanja lako lili pa mpeni. Pamwamba pa mipeni adaikapo thabwa ndi kulimangirira, kuti ogwira ntchito pambalipo asadzicheke. Mipeni yosazungulira nayonso icheka.

Chachiwiri, adamasula chigwiriro pamodzi ndi mzati wake, nazimiza m'palafini masiku anayi. Mnyamata wina adatenga hamala kuti agogode mzati utuluke msanga, koma mmisiri wamkulu adamgwira mkono. Chigwiriro n'chachitsulo chothira m'chikombole, chonga cha mphika wa miyendo itatu: n'cholimba ndithu, koma sichipindika, chingosweka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lililonse ankagogoda pang'onopang'ono ndi mtengo, napotoza mzati uku ndi uku, kufikira tsiku lachinayi udatuluka. Pamenepo adaukwecha ndi burashi yawaya ndi sandipepa mpaka udawala, nayeretsanso m'chibowo cha chigwiriro.

Chachitatu, chigwiriro chong'alukacho adapita nacho kwa wowotcherera zitsulo wodziwa bwino ntchito yake. Chitsulo cha mtundu uwu chikatenthedwa malo amodzi mwadzidzidzi ndi kuzizira msanga, ching'alukanso pambali pa chilonda. Iye adayamba wachitenthetsa chonse, nawotcherera mng'aluwo ndi mkuwa, nachikwirira m'phulusa lotentha kuti chizizire pang'onopang'ono usiku wonse. Musalole munthu kuchithira madzi.

Chachinayi, nkhani ya bawuti yosowa. Apa ambiri alakwa. Tidagula bawuti ya mamilimita 12 kusitolo, yooneka yofanana ndi inzake, koma italowa kawiri kapena katatu idauma. Chifukwa chake ndi ichi: makina akale a ku England adapangidwa ndi mazinga a muyeso umene Joseph Whitworth adaukhazikitsa m'chaka cha 1841. Mazinga amenewo awerengedwa pa inchi, ndipo ngodya yake ndi madigiri 55, pamene mabawuti a mamilimita ogulitsidwa masiku ano ali ndi madigiri 60 ndi mazinga oyandikana mosiyana. Ukaikakamiza ndi sipanala, udya mazinga a m'chibowo, ndipo bawutiyo siidzagwiranso. Chishango chimene bawuti yake siigwira chikhoza kutsetserekera pa mipeni makina ali kulira. Tidabweza bawuti yatsopanoyo, nitinyamula yakale yotsala ija kukafunafuna inzake kwa ogulitsa zitsulo zakale m'tauni, ndipo tidaipeza pa chigoba cha makina ena a ku England. Ikasowa, mmisiri wa makina osemera zitsulo akhoza kusema ina, mukamuonetsa chitsanzo.

Chachisanu, mlatho adauwongola pa thabwa ndi nyundo ya mtengo, pakuti uwu udali wachitsulo chopindika. Kenaka adauyesa: mpanda utasendezedwa kumapeto kwenikweni kwa gome, mlatho uyenera kufikabe pa mpandawo, ndiponso m'lifupi mwake uyenera kuposa mpata wa mipeni. Amene mlatho wake udatayika asataye mtima. Akhoza kupanga wina wa aluminiyamu kapena wa thabwa louma la mtengo wolimba lopanda mfundo, ndipo zimenezi zili ndi ubwino wake, pakuti zikakhudza mpeni zingopalika osauswa.

Chachisanu ndi chimodzi, adapaka mlatho utoto wofiira, kuti aliyense wolowa m'nyumbamo aone msanga ngati ulipo kapena wachotsedwa. Koma pa mzati ndi m'malo onse oyenda sadapake utoto, kapena girizi, pakuti utuchi umata pa mafuta nuuma ngati phala la dzulo. Adakwechapo zotsala za makandulo. Phula literera bwino, ndipo siligwira fumbi. Musachiyese chaching'ono ichi: chishango chouma, chofuna kulimbana nacho pokweza ndi potsitsa, ndicho chimene amisiri atopa nacho nachitaya pa khola la nkhuku.

Chachisanu ndi chiwiri, tidaona kuti pali malo enanso oopsa amene ambiri aiwala. Mpanda ukasendezedwa pakati pa gome, mipeni ya kuseri kwake ikhala poyera. Chovundikira chake chidatayika ndithu, ndipo amisiri adapanga china cha thabwa, nachimangirira ku mpanda kuti chiziyenda nawo pamodzi.

Zonse zitamangidwa, magetsi akali chizulire, adachotsa thabwa lophimba lija, naonetsetsa kuti mabawuti onse omanga mipeni ali olimba. Adatsitsa mlatho kufikira pansi penipeni, nazunguza munsi pang'onopang'ono ndi dzanja pogwira pamene payenda lamba, kumvetsera ngati mpeni ukhudza chishango. Sudakhudze. Pamenepo ndipo tidatulutsa lamba m'bokosi. Ntchito yonse idatha masiku asanu ndi anayi, ndipo tidagula botolo la palafini, sandipepa, bawuti imodzi ndi kachitini ka utoto, kuonjezapo malipiro a wowotcherera. Yerekezani zimenezi ndi zala ziwiri za mwana wa eni.

Koma chishango chingakhalepo, chithandiza pokhapo chiikidwa bwino. Popala nkhope ya thabwa, mlatho usendezedwe kufikira pa mpanda, nukwezedwe pang'ono pokha kuti thabwa lidutse pansi pake. Mpata usapose mamilimita 10, ndipo ukachepa kuposa apo nkwabwino koposa. Manja akhale chogona pamwamba pa thabwa, zala zosalendewera m'mbali, ndipo akafika pa mlatho aoloke pamwamba pake limodzi limodzi, napsinje thabwa pa gome la kutsidya. Popala m'mphepete, thabwa liimirira chotsamira mpanda. Pamenepo mlatho utsitsidwe kufikira pansi, nusendezedwe kufupi ndi thabwalo, kusiya njira yake yokha. Musapale mozama: milimita imodzi kapena awiri pa ulendo umodzi akwanira, ndipo musapose atatu. Thabwa lalifupi likankhidwe ndi chokankhira cha mtengo chokhala ndi chogwirira ndi kachidendene kumbuyo. Losakwana masentimita 30, monga lija lidapweteka mnyamata wathu, lisafike konse pa makina. Limenelo n'la chopalira cha pamanja. Yang'anani mfundo, ming'alu ndi misomali musanayambe. Mipeni yobuntha ndiyo ibweza thabwa kawirikawiri, chifukwa chake inoledwe pa nthawi yake. Malaya a manja olendewera apindidwe, ndipo utuchi usachotsedwe ndi dzanja kufikira munsi utaima ndithu.

Ena a inu mudzapeza makina a chishango cha mtundu wina, chofala pa makina a ku America. Chimenecho n'chathyathyathya, chigona pa gome, ndipo chizungulira pa msomali wake. Thabwa pobwera lichikankhira pambali, ndipo likadutsa sipuling'i ichibweza pa mpanda. Matenda ake ndiwo sipuling'i yofooka kapena yothyoka. Kuyesa kwake nkosavuta: makina ali chizimire, chikokereni pambali ndi kuchitaya. Chikabwerera chokha msanga kufikira pa mpanda, chili bwino. Chikaima panjira, yeretsani msomali wake, ndipo sipuling'i ikungidwe kapena isinthidwe. Tidaonapo kwina amisiri atachimangirira pambali ndi chingwe cha mphira kuti chisawavute. Kutero kuli ngati kukhala ndi chitseko ndi kugona chosatseka m'dziko la afisi.

Tidziwa mau amene amisiri ena anena. Ati: "Ndagwira makina awa zaka makumi awiri popanda chishango, ndipo zala zanga nazi." Tiwayankha mwaulemu kuti tsoka silinunkha, ndipo amisiri ozolowera nawonso avulala, pakuti kuzolowera kugonetsa maso. Ndiponso mmisiri wamkulu sagwira yekha makinawo. Pambuyo pake pali anyamata amene atsanza zonse achita. Enanso ati chishango chichedwetsa ntchito. Nzoona, kusendeza mlatho kudya kanthawi. Koma mabenchi aja amene tidawafulumirira adachedwa masabata atatu, ndipo mnyamata adakhala pakhomo miyezi iwiri osagwira kanthu. Alipo enanso amene achita manyazi, poyesa kuti chishango n'cha amantha. Iwo akafunse akazi awo ngati afuna mwamuna wolimba mtima wa zala zisanu ndi ziwiri.

Tsopano mau athu kwa inu makolo. Mukafuna kupereka mwana wanu kwa mmisiri wa makina, musangokambirana za malipiro ndi za chakudya. Pitani nokha mukaone. Simufunika kudziwa za makina kuti muzindikire ichi: pakati pa magome awiri, kodi muona mipeni ndi maso anu? Mukaiona ili poyera kuyambira mbali ina kufikira inzake, funsani mwaulemu kuti: "Bambo, chovundikira chake chili kuti?" Akati chidatayika, auzeni kuti chikhoza kupangidwa. Akaseka, mtengeni mwana wanu mupite naye kwina. Inunso amayi amene amuna anu agwira ntchito imeneyi, musaope kufunsa funso lomwelo, pakuti ufa wa m'nyumba mwanu uchokera m'zala zimenezo. Funso limene lidakonzetsa makina athu silidachoke kwa mmisiri kapena kwa ife ophunzira, koma kwa mayi wa kumudzi amene adali asanaonepo makina otere.

Mnyamata uja adabwerera ku ntchito, ndipo tikondwera kuti luso lake silidathe. Koma kutola msomali waung'ono pa gome kumvuta, kumanga mabatani a malaya kumchedwetsa, ndipo m'miyezi yozizira zipsera zimwawa. Makolo athu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe; iye adziwa tsopano tanthauzo la mwambiwo koposa ife tonse. Ndiye amene adapempha kupaka mlatho utoto, ndiponso ndiye amene aphunzitsa anyamata atsopano kuusendeza asanayatse makina. Akawaonetsa dzanja lake, safuna mau ambiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene muli ndi makina otere, kafunefuneni chishango chake sabata lomwe lino, m'nyumba yosungiramo katundu, pa mulu wa zitsulo zakale, ngakhale pa denga la khola; ndipo kufikira mutachibwezera, lamba akhale m'bokosi.